Manambala a mita ya sitimu alipo, koma nkhuni zikungothabe: tiyambire pati?

Kapitawo_Thyolo

Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa odziwa za maboyila ndi mapaipi m'mafakitale a tiyi.

Fakitale ili ndi boyila imodzi ya nkhuni za bulugamu, imagwira pa presha ya 7 bar. Sitimu ikatuluka imagawikana njira zitatu. Ina imapita ku madilaya awiri owumitsira tiyi, ina ku maredieta otenthetsa mphepo ya kumatirofu kofotetsera masamba, ndipo yachitatu, yomwe ndi yaitali pafupifupi mamita 180 ndipo imadutsa panja, imapita kotenthetsera madzi otsukira makina ndi pansi. Pa paipi yaikulu pali mita ya sitimu ya mtundu wa vortex, ndi kabokosi kolemba manambala mphindi 15 zilizonse. Manambalawo angodzaza mu kompyuta, palibe chomwe chasintha, ndipo mendulo za nkhuni zikutha monga kale.

Ndamva kuti ku Denmark, komwe amatenthetsa nyumba za tauni yonse ndi madzi otentha ochokera malo amodzi, amagwiritsa ntchito manambala a mamita a m'nyumba kupeza pomwe kutentha kukutayika. Kwenikweni amatani nawo manambalawo? Nzeru imeneyo ingagwire pa sitimu ya fakitale? Ndipo ngati pakufunika kugula zina, choyamba n'chiyani?

Mayi_Manambala

A Kapitawo, za ku Denmark mwamvazo n'zoona. Nyumba pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse kumeneko zimalandira kutentha kudzera m'mapaipi okwiriridwa pansi. Madzi amachoka kowotchera ali pa madigiri 70 mpaka 80, amasiya kutentha m'nyumba, n'kubwerera ali pa madigiri pafupifupi 40. Mita ya m'nyumba iliyonse imayeza zinthu zitatu: kuchuluka kwa madzi odutsa, kutentha kwake polowa, ndi kutentha kwake potuluka. Lamulo la European Union linati kuyambira pa 25 Okutobala 2020 mita iliyonse yatsopano izitha kuwerengedwa munthu ali kutali, ndipo zakale zonse zikhale zitasinthidwa pofika pa 1 Januwale 2027. N'chifukwa chake makampani ambiri kumeneko ali ndi manambala a ola ndi ola a nyumba iliyonse.

Masamu ake ndi ochepa. Madzi okwana 1 m³ akazizira ndi digiri imodzi amasiya 1.163 kWh. Ndiye nyumba yofuna 100 kWh, ngati ikuziziritsa madzi ndi madigiri 30, ikoka 2.9 m³ basi. Ina yofuna 100 kWh yomweyo koma yoziziritsa ndi madigiri 10 okha ikoka 8.6 m³. Kutentha kogulitsidwa n'kofanana, koma yachiwiriyi yadya madzi katatu, yalemetsa pampu, yachepetsera anzake a kumapeto kwa mzere presha, ndipo yabweza madzi otentha omwe akutaya kutentha m'nthaka njira yonse yobwerera.

Chomwe amachita n'kutenga nyumba iliyonse, kuwerengera madzi omwe ikanakoka ikanakhala bwino, n'kuchotsera pa omwe yakokadi. Zotsalazo ndi madzi owonjezera. Akandandalika nyumba zonse kuyambira yowonjezera kwambiri, kawirikawiri amapeza kuti zochepa chabe za pamwamba pa mndandanda ndizo zikuononga madzi obwerera a dera lonse: kwina valavu yakanirira yotsegula, kwina wina anasiya njira yolambalala, kwina sensa inagwa. Fitala amapita kumeneko poyamba m'malo moyenda khomo ndi khomo. Makampani ena amakwezanso kapena kutsitsa bilu malinga ndi kutentha kwa madzi omwe nyumba ikubweza.

Muona apa kuti nkhani yonse yagona pa zobwerera. Inu muli ndi mita imodzi, ndipo ili pa zotuluka. Ikukuuzani kuti boyila yatulutsa zochuluka bwanji, koma siingakuuzeni kuti wadya ndani, kapena kuti zabwerako zingati. Manambala anuwo si achabe, koma alibe mnzake wowayerekeza naye.

Pa sitimu, "nyumba" zanu ndi zitatu zija, ndipo zobwerera ndi madzi omwe sitimu imasanduka ikasiya kutentha. Musanagule chilichonse, tsegulani manambala omwe muli nawo kale, mujambule gilafu ya sabata imodzi, n'kulembapo ndi bolopeni nthawi yomwe dilaya iliyonse inayamba ndi kuima, kuchokera m'buku la shifiti. Yang'anani pansi pa gilafu, osati pamwamba. Madilaya onse ataima, matirofu asakulandira kutentha, mzere ukutsika mpaka pati? Chomwe chatsala pamenepo ndicho chikupita pachabe tsiku lonse, ngakhale pa nthawi yomwe makina akuyenda.

Wamapaipi_Luchenza

Mayi anena bwino, koma pa mfundo yomalizayo chenjerani achimwene, chifukwa mita ya vortex ili ndi khalidwe lake. Imawerenga timafunde tomwe sitimu imapanga ikadutsa kachitsulo ka pakati pa paipi. Sitimu ikamayenda pang'onopang'ono timafundeto sitimveka, ndipo mita imangolemba 0. Ngati anagula mita yofanana kukula ndi paipi yaikulu, zomwe zimachitika nthawi zambiri, malire ake apansi amatha kukhala makilogalamu mazana angapo pa ola. Ndiye gilafu ikhoza kuonetsa 0 usiku pomwe sitimu ikutayika ndithu. Yang'anani pepala la mitayo muone malire apansi pa 7 bar.

Chachiwiri, vortex imayeza voliyumu, osati kulemera. Kuti ipereke makilogalamu iyenera kudziwa presha. Pa 7 bar, 1 m³ ya sitimu imalemera pafupifupi 4.2 kg, pa 5 bar ndi 3.2 kg. Boyila ya nkhuni presha yake siikhazikika: akatsegula chitseko kuponya nkhuni zaziwisi imagwa, moto ukakolera imakwera. Ngati mita anangoilembera nambala ya 7 bar osaipatsa sensa ya presha, nthawi iliyonse yomwe presha yagwera pa 5 ikuwerenga mopitirira ndi pafupifupi 30 peresenti. Zimaoneka ngati fakitale ikudya sitimu yambiri pa nthawi yomwe boyila ikulephera. Funsani amene anaika ngati pali sensa ya presha kapena ya kutentha yolumikizidwa. Kanthu kena kakang'ono: ku Thyolo muli pamtunda, mpweya wa kunja umapanikiza pafupifupi 0.9 bar osati 1.013 yomwe makina amabwera nayo kuchokera kwa opanga, ndiye akonze nambala imeneyonso. Kusiyana kwake n'kochepa, peresenti imodzi ndi pang'ono, koma kukonza kwake n'kwaulere.

Onaninso pomwe yakhala. Imafuna paipi yowongoka yotalika kuwirikiza 15 mpaka 20 kukula kwa paipi isanafike pa mita, ndi kasanu itadutsa. Pa paipi ya 100 mm ndiye kuti utali wa mamita awiri wopanda chigongono kapena valavu. Ndipo sitimu ikhale youma. Boyila ikamalavula madzi m'paipi, mita imasokonezeka. Pamafunika separeta yolekanitsa madzi ndi sitimu, ndi tirapu yake, kachipangizo kotulutsa madzi koma kosalola sitimu kudutsa, mita isanafike.

Tsopano zogula. Ine sindingakulangizeni kuyamba ndi mamita atatu a sitimu, ndi odula ndipo mavuto onse ndatchulawa muwachulukitsa katatu. Yambani ndi madzi, chifukwa madzi sanama. Ikani mita imodzi pa madzi ozizira owonjezera omwe akulowa m'thanki yodyetsera boyila, ina pa paipi yochoka pa pampu kupita m'boyila. Yachiwiriyi ikhale ya madzi otentha, yopirira madigiri 90 kapena 130. Mita wamba ya Water Board mkati mwake ndi pulasitiki yopirira madigiri 30 kapena 50, imapindika m'masiku ochepa. Musagule ya maginito pa madzi obwerera, chifukwa madzi ochokera ku sitimu alibe mchere wokwanira kudutsitsa magetsi ndipo mita yotere imasowa chowerenga. Zonse zikhale zotulutsa pulse, kachizindikiro ka magetsi kowerengera madzi odutsa, kuti zilowe m'kabokosi kanu komweko. Pa ya madzi ozizira ikani sefa patsogolo, madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja amabwera ndi matope ndipo kapupa ka mkati kamakanirira.

Mukachotsa madzi owonjezera pa madzi onse olowa m'boyila, mwapeza obwerera. Musayembekezere kuti abwerera onse. Madzi otuluka pa tirapu ali pa 7 bar amakhala pa madigiri 170, ndipo akafika m'thanki yotseguka, pafupifupi 13 peresenti amaphulikanso kukhala nthunzi n'kutuluka pa paipi ya pamwamba. Onjezanipo madzi omwe mumataya potsuka boyila pansi. Ndiye fakitale yomwe zonse zili bwino imabweza mwina magawo 8 mwa 10. Mukapeza 4 kapena 5, pali pomwe madzi akuthira m'ngalande kapena tirapu ikupyoza sitimu.

Phindu lake ndi ili. Kusandutsa 1 kg ya madzi a madigiri 20 kukhala sitimu ya 7 bar kumafuna pafupifupi 2,685 kJ. Madzi akalowa ali pa madigiri 90 kumafuna 2,390 kJ. Ndi kusiyana kwa 11 peresenti ya nkhuni. Mwachidule, madigiri 6 aliwonse omwe madzi odyetsera akwera amapulumutsa peresenti imodzi. Ndiye ikaninso sensa ya kutentha ya Pt100 m'thanki yodyetsera. Kungoti musapitirize kwambiri madigiri 85 mpaka 90 ngati thanki ili pafupi ndi pansi, pampu imayamba kulira ngati yameza miyala n'kulephera kukoka. Thanki yotentha imafuna kukwezedwa mamita angapo pamwamba pa pampu.

Kenako masensa atatu omata kunja kwa paipi yobwerera ya nthambi iliyonse, isanalumikizane ndi zinzake. Palani dzimbiri, mangani zolimba, kutani ndi lagging, ubweya wotchinga kutentha, pamwamba pake. Sensa yosakutidwa imayeza mphepo.

Madala_Fitala

Ana anga, makompyuta ndi abwino, koma pali mayeso amodzi omwe safuna kugula kanthu, ndipo ndi omwe angayankhe za vortex yolemba 0 ija.

Sankhani tsiku lopanda masamba, Lamulungu kapena m'miyezi ya chilimwe ntchito itachepa. Boyila ikhale pa presha yake, mapaipi onse atatentha kale. Tsekani valavu zitatu za nthambi pa hedala, pomwe sitimu imagawikana, musatsuke boyila pansi, ndipo madzi obwerera muwapatutsire m'ngalande kwa nthawi ya mayeso. Lembani mzere pa galasi la madzi a boyila ndi pa thanki yodyetsera. Pakatha ola, bwezani madzi a boyila pa mzere uja n'kuyeza ndi ndodo kuti thanki yatsika bwanji. Amenewo ndi madzi omwe nyumba ya boyila yokha ikutaya. Kenako tsegulani nthambi imodzi, makina a kumapeto kwake ali otseka, dikirani theka la ola kuti paipi itenthe, n'kuyezanso ola lina. Teroni ndi nthambi zonse, imodziimodzi. Potsegula muzichita pang'onopang'ono, matirapu a m'njira akugwira, chifukwa madzi ogona m'paipi yozizira akakankhidwa ndi sitimu amamenya ngati nyundo ndipo amathyola chigongono. Woyendetsa boyila asachoke pamalo, ndipo valavu ya chitetezo asaikhudze munthu.

Ndikukayikira kwambiri paipi yanu ya mamita 180 ija. Paipi ya 100 mm yosakutidwa, ya sitimu ya madigiri 170, imataya 700 mpaka 800 W pa mita iliyonse ya utali ngakhale kopanda mphepo. Yaing'ono imataya zocheperapo, koma mamita 180 ndi ambiri. Lagging yabwino imachotsa pafupifupi magawo 9 mwa 10 a kutaya kumeneku, pokhapokha ikhale youma. Malata ophimba akang'ambika mvula n'kulowa, ubweya wa mkati umanyowa ndipo umakoka kutentha m'malo mokutchinga. Kwathu kuno ndi mvula ya Disembala mpaka Malichi, kuonjeza chiperoni cha Juni ndi Julayi, lagging yonyowa siiuma msanga. Apa ndi pomwe manambala a Mayi angathandize: esiteti iliyonse imalemba mvula tsiku ndi tsiku, ndiye yerekezani masiku a mvula ndi ouma. Ngati sitimu imakwera mvula ikagwa pomwe masamba ndi omwewo, kayendereni paipiyo ndi dzanja pafupi ndi malata, mupeza potentha.

Za matirapu. Kabowo ka 3 mm kopyoza pa 7 bar kamataya sitimu pafupifupi 20 kg pa ola. Kamodzi kokha, pa maola 20, ndi 400 kg. Tirapu ya kambale, yomwe imakhala pa mizere ya panja, ikakhala bwino imatsegula ndi kutseka kangapo pa mphindi, mumamva kuti fwaa, kenako zii. Ikamalira mosalekeza ngati njinga yamoto, kambale katha. Pa maredieta a dilaya payenera kukhala tirapu ya mpira woyandama, yotulutsa madzi mosadukiza, ndipo redieta iliyonse ikhale ndi yake. Kumangirira maredieta atatu pa tirapu imodzi n'kulakwa: ya kutsogolo, yomwe imakumana ndi mphepo yozizira, presha yake imatsika, zinzake zimaitsekereza, ndipo imadzaza madzi.

Ndipo apa ndi pomwe vuto lalikulu limabadwira. Redieta ikadzaza madzi, mphepo ya dilaya imazizira, tiyi akutuluka wonyowa, woyendetsa dilaya sangadikire fitala. Amatsegula valavu yolambalala tirapu, kutentha kumabwerera, ndipo valavuyo imakhala yotsegula mpaka nyengo itatha. Musamudzudzule, akupulumutsa tiyi. Konzani tirapu kaye, valavu itsekeka yokha. Pa masensa omwe a Wamapaipi anena, nthambi yotere imaoneka ndi mzere wowongoka pamwamba, wosatsika ngakhale makina ataima. Kungoti sensa ya kutentha payokha imagwira msanga tirapu yotsekeka, chifukwa imazizira. Yopyoza imavuta, popeza nthunzi yabwinobwino ya madzi obwerera ndi sitimu yothawa zimatentha mofanana m'paipi imodzi. Pamenepo pafunika khutu, ndi kuyang'ana utsi woyera pa paipi ya pamwamba pa thanki: wa ulesi ndi wabwino, wothamanga ndi mluzu ayi.

Kapitawo_Thyolo

Zikomo kwambiri nonse. Madala, mayeso a Lamulungu aja ndi otheka. Ndaonanso pa mita, palibe waya wina wochokera ku sensa ya presha, ndiye zomwe a Wamapaipi anena zikhoza kukhala zoona. Mafunso awiri otsala. M'manambala muli mipata, maola ena mulibe kanthu, ndipo masiku ena nthawi yake siigwirizana ndi buku la shifiti. Izi zimachokera kuti? Chachiwiri, mabwana amafuna nambala imodzi: nkhuni zingati pa kilogalamu ya tiyi wopangidwa. Kodi nambala imeneyo ndi yokwanira kuonetsa ngati takonza zinthu?

Wamagetsi_Chitakale

Za mipata ndiyankhe ine achimwene. Kawirikawiri ndi magetsi. Akazima, jenereta isanadzuke, kabokosi kamafa. Ngati kabatire ka wotchi ya mkati kanatha, kakadzuka kamayambira pa tsiku lolakwika, ndipo zonse zotsatira zimasuntha. Sinthani kabatire, ndipo kabokosi ndi mamita muzidyetse kuchokera pa 24 V ya batire yokhala ndi chaja, osati molunjika pa soketi. Onaninso ngati wotchi yake ili pa nthawi ya kuno. Zambiri zimabwera zili pa nthawi ya padziko lonse ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri, ndiye dilaya yoyamba 6 koloko imaoneka ngati inayamba 4 koloko.

Chofunika kwambiri: lembani nambala yowunjikana, ija imangokwera ngati ya mtunda pa galimoto, osati liwiro la pa nthawiyo lokha. Ngati mukungolemba makilogalamu pa ola mphindi 15 zilizonse, mpata ukachitika zatayika basi, ndipo pampu yodyetsera boyila yomwe imayaka ndi kuzima mukhoza kumaipeza itazima nthawi zonse. Ndi nambala yowunjikana, ngakhale maola atatu asowe, mumachotsera ya kumbuyo pa ya kutsogolo n'kupeza zonse. Presha ndi kutentha muzilemba mphindi iliyonse, chifukwa kugwa kwa presha poponya nkhuni kumatenga mphindi zochepa ndipo pa mphindi 15 simukuona.

Pa mawaya, ngati ndi Modbus pa RS485, njira yomwe mamita amatumizira manambala ku kabokosi, gwiritsani waya wopotana wokhala ndi chophimba, muyende kuchoka pa mita kupita pa inzake mondondozana osati mwa nthambi, muike resistor ya 120 ohm kumapeto onse awiri, ndipo chophimba chilumikizidwe ku nthaka mbali imodzi yokha. Umatha kufika mamita 1,200. Usayende mu tireyi imodzi ndi mawaya a mafani a matirofu, makamaka ngati ali ndi ma inverter osinthira liwiro. Waya uliwonse wotuluka m'nyumba kupita ina uikidwe chotchinga mphenzi mbali zonse, kupanda apo mvula yoyamba ya Novembala ikuphera madoko onse. Kutali kuja kotenthetsera madzi otsukira, kawailesi kotumizira manambala ka LoRa n'kabwino kuposa kukumba ngalande. Ndipo zonse zizisungidwa kaye pa khadi m'kabokosi, intaneti ikhale yongotumizira.

Mukadzaika mita ya kutentha pa madzi otsukira, masensa ake awiri amagulitsidwa ngati mapasa oyezedwa limodzi. Musadule waya wa imodzi kapena kusintha imodzi yokha. Kulakwa kwa theka la digiri pa kusiyana kwa madigiri 5 ndi 10 peresenti.

Mayi_Manambala

A Kapitawo, nambala ya mabwanayo apatseni, koma inu musaidalire, chifukwa mkati mwake mwabisala zinthu zitatu zosiyana ndipo ziwiri sizikhudza mapaipi.

Choyamba ndi nkhuni zenizenizo. Bulugamu wongodulidwa kumene pafupifupi theka lake ndi madzi, ndipo 1 kg imapereka pafupifupi 8 MJ. Ataumikidwa mpaka madzi atatsika kufika 25 peresenti amapereka pafupifupi 13.5 MJ. Mendulo imayeza malo, sikelo imayeza madzi ndi nkhuni pamodzi, ndiye zonse ziwiri zimanamiza. Tsiku lililonse tengani zipika zingapo pa mulu womwe ukuponyedwa, ziwazeni, muyeze mkati. Kamita ka misomali iwiri kamagwira bwino pa nkhuni zouma, koma pamwamba pa 30 peresenti sikadalirika. Njira yotsimikizika ndi ya ku labu: yezani kachidutswa pa sikelo, kaikeni mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kutasiya kutsika, n'kuyezanso.

Chachiwiri ndi kufota kwa masamba, ndipo ichi ambiri amachiiwala. Tiyi wopangidwa amatuluka ndi madzi pafupifupi 3 peresenti. Ngati masamba opera akulowa m'dilaya ali ndi madzi 70 peresenti, pa 1 kg ya tiyi dilaya iyenera kuchotsa 2.2 kg ya madzi. Akalowa ali pa 74, zomwe zimachitika Januwale ndi Febuluwale masamba atasefukira m'matirofu ndipo mpweya uli wonyowa, ndi 2.7 kg. Akafota bwino kufika 66 ndi 1.85 kg. Ndiye sitimu pa kilogalamu ya tiyi ikhoza kusiyana pafupifupi ndi theka popanda tirapu iliyonse kuonongeka. Mukakonza matirapu mu Novembala n'kuyerekeza ndi Januwale, nambala ya mabwana idzati mwaononga zinthu.

Chachitatu ndi mapaipi enieniwo. Ndiye nambalayo igaweni patatu. Makilogalamu a sitimu pa kilogalamu ya nkhuni zowerengedwa ngati zouma ndiyo nambala ya boyila ndi oponya moto, ndipo muiyang'ane pamodzi ndi kutentha kwa utsi pa chumuni: madigiri 20 aliwonse owonjezera ndi pafupifupi peresenti imodzi yotayika, ndipo ukamakwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata ndiye kuti machubu adzaza mwaye. Gawo la madzi obwerera, pamodzi ndi zotayika za mayeso a Madala, ndiyo nambala ya mapaipi. Makilogalamu a sitimu pa kilogalamu ya madzi ochotsedwa m'masamba ndiyo nambala ya dilaya. Ikasuntha imodzi mumadziwa khomo logogoda.

Pali phunziro lina la ku Denmark lomwe likukukhudzani kwambiri. Iwo atayeretsa zobwerera, amayamba kutsitsa kutentha kwa madzi otuluka pang'onopang'ono, akuyang'ana pa mamita kuti nyumba iti iyambe kudandaula, chifukwa paipi yozizirirapo imataya zochepa. Kwa inu, dilaya imafunadi sitimu, mphepo yake imalowa pamwamba pa madigiri 100. Koma mphepo ya kumatirofu siyenera kupitirira madigiri pafupifupi 35, apo ayi masamba amafiira, ndipo madzi otsukira safuna kupitirira 60 kapena 70. Kutumiza sitimu ya madigiri 170 mtunda wa mamita 180 kuti ikatenthetse madzi a 60 n'kumene ndingayambire kufunsa. Nthunzi ija ya 13 peresenti yomwe ikuthawira pa thanki ikhoza kudutsa mu heat exchanger, chipangizo chosamutsira kutentha kwake m'madzi, pafupi ndi boyila, madzi otentha n'kupita kutali ndi kapampu m'paipi yaing'ono yokutidwa, paipi ya sitimu n'kutsekedwa. Musanatero, onani m'manambala ngati nthawi yotsuka imagwirizana ndi nthawi yomwe madilaya akuyenda. Nthawi zambiri amatsuka madilaya ataima, ndiye pafunika thanki yokutidwa yosungira. Kutenthetsa 5 m³ kuchoka pa 20 kufika pa 65 ndi 5 × 45 × 1.163, pafupifupi 260 kWh.

Kumatirofu, ikani sensa ya chinyezi cha mpweya wolowa ndipo mulembe nthawi yomwe valavu ya maredieta yatsegulidwa. Kutentha kumafunika mpweya ukanyowa, pomwe thermometer youma ndi yonyowa zayandikana kuchepera madigiri 3 kapena 4. Muwerenge maola omwe valavu inali yotsegula masana kuli dzuwa.

Wamapaipi_Luchenza

Pa heat exchanger ya nthunzi ija ndionjezepo chimodzi, Mayi. Muyambe mwakonza matirapu musanayeze kukula kwake. Nthunzi yomwe ikutuluka pa thanki lero mwina theka lake ndi sitimu yopyoza, ndipo mukagula poyerekeza ndi imeneyo, matirapu akadzakonzedwa idzakhala yaikulu mopitirira ndipo madzi otsukira sadzafika pa 65. Paipi ya pamwamba pa thanki isatsekedwe ndi valavu iliyonse, thankiyo sinapangidwe kuti isunge presha.